ZA MOYO WA PABANJA: Mafuta Obisika m'Magazi

 Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mafuta. Sitinena mafuta odzola kapena a nyale, iyayi. Tinena mafuta aja oyenda m'magazi a munthu, amene diso siliwaona, ndipo mwini thupi sawamva, kufikira tsiku limene amgwetsa pansi. Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono. Chotero wowerenga awerenge mofatsa ndi mokweza, kuti agogo nawonso amve, pakuti mlanduwu uwakhudza iwonso.

Zimene tidaona pa Maselema

Inu amene mudafikako ku Blantyre mudziwa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, wochoka m'tauni kunka ku Limbe. M'mbali mwa msewu umenewu muli malo otchedwa Maselema, pamene pali nyumba zamalonda, mosungira katundu ndi mokonzera galimoto. M'mawa anthu ambiri atsika pamenepo m'maminibasi, ena ochokera ku Bangwe, ena ku Ndirande, ku Machinjiri, ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni. Dzuwa likafika paliwombo, anthuwa alibe nthawi yobwerera kwawo kukadya nsima. Ndiye apita pachiwaya. Pamenepo mbatata za tchipisi zili kupsa, nyama ya nkhumba ndi nthumbwana zili kulira m'mafuta, ndipo fungo lake likoka munthu akali patali.

Mwa anthu odya pamenepo mudali mwamuna wina amene tidamdziwa bwino. Dzina lake sititchula. Adachoka kumudzi ali mnyamata wowonda ngati bango, napeza ntchito yoyendetsa galimoto. Zaka zidapita iye ali kukhala pampando kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Masana pachiwaya, madzulo pabotolo, ndudu ili pakamwa. Thupi lidayamba kudzaza, mimba idatsogola, khosi lidamira. Akafika kumudzi pa Khirisimasi, amayi ake adali kuliza nthungululu, nati, "Taonani mwana wanga, tauni yamuyanja!" Ndipo ife tomwe, tiulule, tidamuyamikira kuti ali kupeza bwino.

Tsiku lina m'mawa, asanakwanitse zaka 50, adawerama kuti amange nsapato, koma dzanja lamanja lidakana. Adafuna kuitana mkazi wake, lilime lidalemera, pakamwa padapotoka. Kuchipatala adati ndi sitiroko. Ndipo atamuyeza adapeza kuti magazi ake athamanga kopitirira, ndi mafuta a m'magazi achuluka. Lero ali moyo, koma ayenda ndi ndodo; ntchito idatha, ndipo ana awiri adaleka sukulu.

Komatu tsoka silidathere pomwepo. Mbiri itafika kumudzi, anthu adayamba kunong'onezana kuti munthu wathupi chotere, amene sadadwalepo ngakhale mutu, sangagwe chabe. Alipo wina wammenya ndi hamala ya ufiti. Zala zidaloza azakhali ake, gogo wamasiye, chifukwa adadandaulapo kuti mwanayo sawatumizira shuga. Kuyambira pamenepo padalibe wopita kukapala moto kwa gogoyo, ndipo ana adaletsedwa kumtungira madzi. Onani tsono, nthenda imodzi idagwetsa anthu awiri: wina ndi ndodo m'tauni, wina ndi misozi kumudzi. Chifukwa cha awiriwa talemba nkhani ino.

Kodi mafuta amenewa n'chiyani?

M'magazi a munthu aliyense muli mafuta a mitundu ingapo, koma otchuka ndi awiri. Woyamba ndiye kolesterolo, amene maonekedwe ake ali ngati phula lofewa. Munthu wa ku France, dzina lake Michel Chevreul, ndiye adayamba kumutcha dzina lotere zaka zoposa 200 zapitazo, atampeza m'timiyala tomera m'ndulu za anthu. Mtundu wachiwiri ndiwo mafuta wamba aja amene thupi lisunga pamimba ndi m'matako, amene madokotala awatcha triglyceride.

Musayese kuti kolesterolo ndi chiphe chimene chidalowa m'thupi mwangozi. Iyayi, ndi wantchito wofunika. Thupi lathu lidamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'khoma la kachipinda kalikonse muli kolesterolo. Ndi iye chiwindi chipanga ndulu yogayira chakudya chamafuta. Kwa iye kuchokera timadzi tina ta m'thupi tothandiza mwamuna ndi mkazi kubala ana. Ndipo ubongo uli naye wambiri koposa chiwalo china chilichonse. Chifukwa chake thupi silidikira kuti timudye. Gawo lalikulu lidzipangira lokha, makamaka m'chiwindi, ndipo gawo lochepa ndilo lichokera ku nyama, mazira ndi mkaka.

Tsono mayi aliyense adziwa kuti mafuta ndi madzi siziyanjana. Mukathira mafuta mumsuzi ayandama pamwamba. Magazi nawo ndi madzi. Nanga mafuta ayendamo bwanji? Thupi liwamanga m'timitolo tating'ono, ndipo timitoloti tili ngati amtengatenga a masiku akale aja. Gulu lina la amtengatenga, lotchedwa LDL, lisenza kolesterolo kumka naye ku ziwalo zonse. Gulu lina, lotchedwa HDL, litola wotsala ndi kumbweza kuchiwindi. Pamene magulu awiriwa ayenda mwamuyeso, thupi lili pamtendere.

Koma a LDL akachuluka, ena alowerera m'khoma la mtsempha wa magazi, natsakamira momwemo ndi katundu wawo. Inu a kudimba mudziwa mmene ngalande itsekekera: sikutseka kwa tsiku limodzi, koma matope lero, zinyalala mawa, kufikira madzi ayamba kuyenda movutikira. Chomwechonso mtsempha. Zaka 20 kapena 30 zipita munthu osamva kanthu, pamene m'kati mwa khoma muli kukula chotupa chamafuta. Tsiku lina chotupacho ching'ambika, magazi aundana pomwepo, ndipo njira itsekeka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, munthu amva ngati mwala wamtsamira pachifuwa, atuluka thukuta, ndipo kawirikawiri afa mwadzidzidzi. Ukatsekeka mtsempha wa muubongo, ndiyo sitiroko: mbali imodzi ya thupi ifa, ndi mawu atayika. Sitiroko ina idza pamene mtsempha wa muubongo uphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mwambiwu sudakhalepo woona koposa pa nthenda iyi.

Adazidziwa bwanji zimenezi?

Wina adzafunsa, nanga ndani adalowa m'mtsempha wa munthu kuti aone zonsezi? Funso labwino, pakuti safunsa adadya phula. Nzeru imeneyi sidabwere ndi maloto kapena ndi ula. Idabwera ndi kuyesa, kuwerenga ndi kudikira kwa zaka zambiri.

M'chaka cha 1913, mumzinda wa St Petersburg ku Russia, dokotala wachinyamata dzina lake Nikolai Anichkov adadyetsa akalulu kolesterolo kwa miyezi ingapo. Atawatumbula adapeza mitsempha yawo ikuluikulu ili ndi zotupa zamafuta, zonga zimene zipezeka m'mitembo ya anthu okalamba. Ambiri sadamsamale, nati kalulu ndi wodya udzu, sali munthu. Chotero nkhaniyo idagona zaka zambiri.

Mu 1948, m'tauni ya Framingham ku Amereka, madokotala adalemba maina a anthu 5,209, nayamba kuwayeza zaka ziwiri zilizonse, kudikira kuti aone amene adzadwale mtima. Patapita zaka zoposa 10 zidaoneka poyera: ogwidwa kawirikawiri adali a kolesterolo wochuluka, a magazi othamanga, ndi osuta fodya. Ntchitoyo idapitirira kwa ana a anthu aja, ndi kwa zidzukulu zawo.

Ku Afrika kuno nako adafufuza. Mu 1959 madokotala awiri, Shaper ndi Jones, adalengeza zimene adapeza ku Kampala m'dziko la Uganda. Anthu akuda a kumeneko, amene chakudya chawo chidali nthochi zophika, mbatata, nyemba ndi masamba, mafuta pang'ono chabe, adali ndi kolesterolo wochepa, ndipo kutsekeka kwa mitsempha ya mtima kudali kosowa pakati pawo. Koma Amwenye okhala mumzinda womwewo, odya zamafuta ambiri, adali ndi kolesterolo wochuluka, ndipo nthendayo idali kuwapha. Ena atamva izi adati, ndiye kuti ndi nthenda ya Azungu ndi Amwenye, ife siitikhudza. Koma ofufuzawo adaloza mphika. Ndipo mphika wathu lero wasintha.

Pambuyo pake madokotala awiri a ku Dallas ku Amereka, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, adatulukira kuti pa maselo, makamaka a chiwindi, pali timbedza tokola a LDL ndi kuwachotsa m'magazi. Pa ntchito imeneyi adalandira mphoto ya Nobel mu 1985. Tidziwa tsopano kuti mafuta olimba, onga a nkhumba, a ng'ombe ndi a mbuzi, achepetsa timbedza timeneti, ndipo pamenepo a LDL atsala ambiri m'magazi. Tidziwanso kuti alipo anthu, ngati mmodzi mwa 250 kapena 300, amene abadwa ndi timbedza tosakwanira. Otere akhoza kukhala owonda, odya mosamala, koma magazi awo ali ndi kolesterolo wochuluka kuyambira ubwana, ndipo chilemachi chiyenda m'mtundu. Chotero mukaona banja limene agogo, atate ndi mwana onse adafa mwadzidzidzi asanakalambe, musathamangire kunena za temberero. Otsalawo apite kukayezetsa.

Nanga m'dziko lathu lino?

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi la WHO, udayeza anthu oposa 5,000 a zaka 25 kufikira 64 m'zigawo zonse za Malawi. Mwa anthu 100 alionse, ngati 33 adapezeka ndi magazi othamanga, pafupifupi 9 ndi kolesterolo wopitirira muyeso, ndi pafupifupi 6 ndi nthenda ya shuga. Chomvetsa chisoni ndi ichi: mwa a magazi othamanga aja, oposa 9 pa 10 alionse sadali pa mankhwala, ndipo ochuluka sadali kudziwa n'komwe kuti ali kudwala.

Mu 2018 adalengeza za kafukufuku wina, amene adayeza anthu pafupifupi 29,000 m'midzi ya ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Olemera thupi kopitirira muyeso adali amayi 44 pa 100 m'tauni ndi 27 kumudzi. Abambo 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Tamvani bwino, amayi a kumudzi: 27 pa 100 ndiye kuti mmodzi mwa anayi, ndi kupitirirapo. Nthendazi sizidatsalire pa Maselema. Zidakwera kale basi, ndipo zili m'mudzi mwanu.

Pa msewu womwe uja wa Chipembere, kamtunda pang'ono kuchoka pa Maselema kulowera m'tauni, pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri achitcha Gulupu. Kumeneko madokotala adayerekeza anthu 222 ogwidwa ndi sitiroko ndi anthu 503 a m'makomo oyandikana amene sadagwidwe, nalengeza zotsatira zake mu 2016. Adapeza kuti chogwetsa anthu koposa zonse ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kudali ndi mlandu wa pafupifupi theka la sitiroko zonse; chotsatira chake ndi kachirombo ka HIV, makamaka mwa anthu osapitirira zaka 45. Tinena izi kuti tisakunamizeni: kuno kwathu kolesterolo sali mdani woyamba. Koma adaniwa ayenda pamodzi ngati afisi. Kuthamanga kwa magazi kukanda khoma la mtsempha, shuga ndi utsi wa fodya zilifooketsa, ndipo kolesterolo alowa pa bala limenelo. Munthu wokhala ndi ziwiri kapena zitatu mwa izi, monga mwamuna wathu uja, ali pangozi yoposa kwambiri ya wokhala ndi chimodzi.

Za kunenepa ndi kuwonda

Pano tiyenera kudzifunsa tokha. Bwanji mayi uja adaliza nthungululu poona mimba ya mwana wake? Sitimdzudzula. Ife ndife anthu odziwa njala. Tikumbukira 2002, ndipo agogo akumbukira 1949. Tikumbukiranso zaka zija zimene Edzi idalowa m'midzi mwathu mankhwala kulibe, pamene munthu akangotsika thupi pang'ono anthu adali kumlozerana ndi milomo. Masiku amenewo adatiphunzitsa kuti wowonda ndi wodwala, wonenepa ndi wamoyo. Ndipo alipo amene adzinenepetsa dala, kuopa pakamwa pa anthu. Koma diso ndi woweruza wonama pa mlandu uwu.

Mbiri ya ma ARV itionetsa chimenechi bwino. Boma lidayamba kugawa mankhwalawa kwaulere mu 2004, ndipo anthu ambirimbiri amene tidawayesa akufa adadzuka, nabwerera kumunda. Koma m'mapiritsi oyambawo mudali mankhwala otchedwa stavudine, amene mwa anthu ena adasokoneza kakhalidwe ka mafuta m'thupi. Masaya adalowa m'kati, mikono ndi miyendo idawonda kufikira mitsempha kuonekera, pamene mimba idali kukula, ndi mafuta a m'magazi kukwera. Anthu a pamudzi poona nkhope yotere adati nthenda yabwerera, chonsecho munthuyo ali bwino ndi kachiromboko. Madokotala a ku Blantyre adalondola zimenezi mosamala. Mu 2011 adalengeza kuti mwa akulu 174 amene adakhala pa ma ARV nthawi yaitali, 31 pa 100 adali ndi kolesterolo wokwera, ndi pafupifupi 46 pa 100 magazi othamanga. Chaka chomwecho boma lidayamba kuchotsa stavudine kwa magulu ena a odwala, ndipo mu 2013 lidasintha mankhwala a onse. Kuyambira 2019 ambiri alandira mapiritsi okhala ndi dolutegravir, amene sadya nkhope chotere, ngakhale kuti ena anenepa nawo.

Chotero inu amene muli pa ma ARV, musaleke kumwa ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Kachirombo kosagonjetsedwa nako kawononga mitsempha. Koma mukapita kukatenga mankhwala, pemphani kuti akuyezeninso kuthamanga kwa magazi ndi sikelo.

Ana asamanidwe mafuta

Tiopa kuti mayi wina atawerenga izi adzabisa botolo la mafuta, nayamba kupatsa mwana phala lamadzi. Kutero kungakhale kulakwa kwakukulu, pakuti chimene chivulaza bambo wa mimba yaikulu ndicho chipulumutsa mwana wakhanda. Pafupifupi theka la mphamvu ya mkaka wa m'mawere lichokera ku mafuta, ndipo ubongo wa mwana umangidwa ndi mafuta. Vitamini A, wosunga maso ndi woteteza ku matenda, salowa bwino m'thupi popanda mafuta pang'ono m'chakudya.

Ndipo tamvani chodabwitsa. Mwana wotupikana chifukwa cha kusowa zakudya, amene tsitsi lake lifiira ndi miyendo kutupa, kawirikawiri chiwindi chake chidzala ndi mafuta, ngakhale kuti mwanayo sadadye zonona. Njala isokoneza ntchito ya chiwindi, ndipo mafuta aunjikana momwemo osatuluka. Chimene chidzutsa ana otere ndi chiponde chija cha kuchipatala, cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafuta, chimene dokotala Mark Manary ndi anzake adayamba kuchiyesa m'makomo a kuno ku Malawi mu 2001. Mwaona tsono kuti mafuta sali mdani. Mlandu uli pa mtundu wake, pa muyeso wake, ndi pa amene ali kudya. M'phala la mwana thirani nsinjiro, kapena kasupuni ka mafuta, kapena mapeyala opota. M'mbale ya bambo wokhala pampando tsiku lonse ndimo muchepetse.

Kodi mankhwala alipo?

Alipo, ndipo mbiri yake ndi yokoma. Munthu wa ku Japan dzina lake Akira Endo, mwana wa mlimi, adaganiza kuti mwina nkhungu zina zili ndi mphamvu yoletsa kupangika kwa kolesterolo. Adayesa mitundu zikwi zingapo, ndipo mu 1973 adapeza chimene adali kufuna mu nkhungu yomera pa mpunga wa m'sitolo ina ku Kyoto. M'menemo mudachokera mtundu wa mankhwala otchedwa statin, amene adayamba kugulitsidwa mu 1987. Ntchito yake ndi kuchepetsa kolesterolo amene chiwindi chipanga; pamenepo chiwindi chichulukitsa timbedza tija, nichotsa a LDL m'magazi. Mu 1994 adalengeza za kuyesa kwa anthu 4,444 odwala mtima m'maiko a kumpoto kwa Ulaya: mwa omwa mankhwalawa imfa zidachepa ndi 30 pa 100. Ndipo mu 2023 kuyesa kwina, kwa anthu 7,769 okhala ndi HIV m'maiko 12, kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa, kudaonetsa kuti matenda aakulu a mtima ndi sitiroko adachepa ndi 35 pa 100 mwa omwa statin.

Koma mankhwalawa sali a munthu aliyense. Wolamula ndi dokotala, atayeza. Mayi woyembekezera sayenera kumwa. Ndipo chenjerani ndi ogulitsa mabotolo ndi timaufa m'misika ndi m'mabasi, onena kuti mankhwala awo asungunula mafuta ndi kutsuka magazi m'masiku atatu. Chimene chidaunjikana zaka 20 sichichoka ndi kutsekula m'mimba.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, kayezetseni. Munthu aliyense wamkulu, makamaka wofika zaka 40, ayezetse kuthamanga kwa magazi kamodzi pachaka, angakhale asamve kupweteka paliponse. Muyeso ukafika 140 pa 90 kapena kupitirira, ndipo ubwereza masiku ena, ndiye kuti nthenda ilipo. Amene ali ndi shuga, magazi othamanga, kapena abale amene adagwa asanakalambe, afunse dokotala za kuyeza mafuta a m'magazi. Kolesterolo yense akafika pa 5 mwa muyeso wa kuchipatala, awerengedwa wokwera.

Chachiwiri, zindikirani mafuta. Amene aundana ndi kuyera mbale ikazizira, monga a nkhumba, a ng'ombe, a khungu la nkhuku, ndi batala, ndiwo okweza a LDL. Amene akhala amadzimadzi ngakhale m'mwezi wa Juni, monga a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza, ndiwo abwino koposa. Koma nawonso thirani ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Ndiwo siziyenera kusambira.

Chachitatu, musanyoze chakudya cha makolo. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere, nyemba, nandolo, khobwe, usipa ndi matemba, nsima ya mgaiwa, futali, magwafa ndi mapapaya: izi sizili zakudya za amphawi, ndizo zosunga mitsempha. Nyemba ndi nandolo zithandiza kutsitsa kolesterolo, ndi nsomba za m'nyanja zathu zili ndi mafuta okomera mtima. Mlendo akabwera, simudamchepetse mukampatsa ndiwo zotendera.

Chachinayi, chenjerani ndi zokazinga za masiku onse. Ogulitsa pachiwaya sitiwada. Ndi abale athu ofuna sopo ndi fizi ya ana. Koma mafuta owiritsidwa mobwerezabwereza kufikira kuda ndi kuchita thovu awonongeka, ndipo sayenera kulowa m'thupi. Inu amayi a amuna ogwira ntchito kutali ndi nyumba, mbatata yophika kapena chinangwa m'kambale ndi mphatso yoposa ndalama ya pachiwaya. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chachisanu, shuga ndi mowa. Ambiri sadziwa kuti chiwindi chisandutsa shuga wotsala kukhala mafuta. Masupuni anayi m'kapu ya tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, kachasu ndi mowa wina ulionse, zonsezi zikweza mafuta aja a triglyceride ndi kunenepetsa chiwindi.

Chachisanu ndi chimodzi, fodya asiyidwe ndithu, wa ndudu ndi wachingambwe yemwe. Ndi mchere uchepe. Munthu mmodzi asapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Mchere wa pambali, wothira chakudya chili kale m'mbale, uchoke pamphasa.

Chachisanu ndi chiwiri, thupi ligwire ntchito. Wa khasu ali nazo kale. Koma wa pampando, wa pasitolo, ndi wokwera kabaza ngakhale popita pafupi, ayende ndawala theka la ola masiku asanu pa mlungu. Ndipo nayi njira yodziyesera yosalira ndalama: dulani chingwe cholingana ndi msinkhu wanu, kuyambira kumutu kufikira kuphazi, muchipinde pawiri, ndipo muchizunguze pamimba polunjika mchombo. Nsonga zikakana kukumana, mimba yapitirira.

Chotsiriza, dziwani zizindikiro. Mukaona munthu pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo walefuka mwadzidzidzi, mawu asokonekera, kapena pachifuwa pamthina ndi thukuta, musayambe ndi kufunsa kuti wachita ndani. Funani galimoto, njinga kapena machira, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo; ola lililonse lotayika ndi gawo la ubongo lotayika. Wa sitiroko musamkakamize kumwa madzi kapena phala, angatsamwe. Ndipo amene dokotala wampatsa mapiritsi a magazi, amwe masiku onse, asaleke chifukwa wapeza bwino.

Mawu otsiriza

Tibwerere kwa gogo uja. Tidapita kumudziko, ndipo tidakhala pansi ndi eni mbumba, mkazi wa wodwalayo ali nalo buku la kuchipatala m'manja. Tidawerenga manambala amene dokotala adalemba, ndi kufotokoza za ngalande ndi matope monga tafotokozera inu. Ena adamva, ena adapukusa mitu, ndipo kufikira lero sadakhutire. Koma tidapempha chinthu chimodzi, kuti akulu onse a pabanjapo apite kukayezetsa. Adapita asanu, ndipo awiri adabwerako ndi mapiritsi. Mmodzi wa iwo ndi yemwe adayamba kuloza chala. Madzulo ake mdzukulu wina adaoneka ali kutula ndowa ya madzi pakhomo pa gogoyo.

Abale, m'midzi mwanu alimo agogo ena otere, ndipo alimo ana ena amene adzabwera pa Khirisimasi mimba ili patsogolo. Alandireni ndi chimwemwe. Koma mukatha kupha nkhuku, muwafunse kuti adayezetsa liti. Mwezi wamawa tidzacheza za kasamalidwe ka munthu wofa ziwalo pakhomo: kumtembenuza, kumdyetsa, ndi kumphunzitsanso kuyenda. Tsalani bwino nonse.

Ndife anu,
Aphunzitsi